ULENDO WA KU BIWI: BAMBO NDI MWANA ATASEMPHANA PA NDALE



Kwathu kunyanja kuno, mlongo wako akatumiza uthenga wakuti "bwerani msanga, koma si maliro," umadziwiratu kuti pakhomo pake sipali bwino. Uthenga wotere ndi umene unandinyamula ku Mangochi kupita ku Biwi mumzinda wa Lilongwe, kumene achemwali anga akhala pabanja zaka pafupifupi 30. Vuto linali lakuti mwana wao wachisamba, mnyamata wa zaka 26, anali atasiya kudyera mbale imodzi ndi bambo ake, ndipo usiku ankagona ku galaja. Sanabe kanthu, sanayambe mowa, swala sanasiye. Anangosemphana pa nkhani za ndale. Ine monga mwinimbumba ndinayenera kukamva mbali zonse ziwiri. Maina sinditchula pakuti za m'nyumba ndi za m'nyumba, koma eni ake anandilola kulemba nkhaniyi poganiza kuti mwina ingathandize mabanja ena.

Njira ya ku Khwekhwerere

Ndinakwera minibasi titangomaliza swala ya Fajiri. Tinatsata msewu wa m'mbali mwa nyanja pakati pa milambe ndi migwalangwa, kenaka tinakhotera ku Golomoti. Kuchokera pamenepo msewu umakwera chitunda cha Khwekhwerere mokhotakhota, galimoto ikubuula. Munthu wa kunyanja wozolowera thukuta amayamba kufunafuna juzi asanafike pa Masasa, pamene msewuwu umakumana ndi msewu waukulu wa M1. Kumtundaku nthaka ndi ina, mphepo ndi ina, ndipo m'malo mwa usipa amayi amakulozetsa kachewere, kabichi ndi tomato pawindo.

M'galimotomo nkhani inali imodzi: kukwera mitengo kwa zinthu, ndi amene anachititsa. Anyamata awiri kumbuyo ankatchula maina a atsogoleri mokweza, wina akuwerenga za pa Facebook, mnzake akutsutsa. Pambali panga panali mkulu wina wa imvi, wa kofia yoyera, amene sanatsegule pakamwa kuyambira ku Golomoti mpaka ku Dedza. Titadutsa pa Linthipe anandiyandikira n'kunong'ona kuti, "Ana awa akanabadwa nthawi yathu, sakanagona kwao lero." Koma asananene mauwa anayamba wacheuka uku ndi uku. Zaka zoposa 30 zapita chithere ulamuliro wa chipani chimodzi, koma khosi la mkuluyu likucheukabe. Sindinadziwe kuti nkhani yomweyi ndiyo ikundidikira kumene ndikupita.

Mudzi wa nyundo

Wochokera ku Dedza safunika kukafika ku depoti. Ukangodutsa mphambano ya ku Bunda n'kulowa mumzinda, Biwi ali pamsewu pomwepo. Pa mapu a mzinda malowa ali mu Area 8 pamodzi ndi Mchesi, ndipo Kawale ndi mnansi wao. Chimene chimakulonjera poyamba ndi phokoso la nyundo. Pa Biwi Triangle ndi pamene galimoto zodwala za mu Lilongwe zimadzagonekedwa. Pali amakaniki, owotcherera zitsulo, owongola mabodi, opopera penti, ndi ogulitsa masipeyala atsopano ndi akale omwe. Nthaka yake inada ndi oyilo. Chitsulo chimene wina wataya m'mawa, madzulo chimakhala chikuyenda m'galimoto ya munthu wina. Ku Mchesi nako ndi kwa akalipentala, opanga mipando, mabedi, zitseko ngakhalenso mabokosi a maliro.

Lilongwe anakhala likulu la dziko mu 1975, boma litasamuka ku Zomba. Ntchito yomanga likulu inakoka anthu a zigawo zonse, ndipo akwathu a ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota sanatsalire. Ena anabwera ndi makina osokera, ena ndi madengu a nsomba zouma, ena ndi manja okha. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzindawu. Ukayenda m'tinjira ta ku Biwi umamva Chichewa, Chiyao ndi Chitumbuka pa mpopi umodzi wa madzi, ndipo nthawi ya Dhuhuri ikakwana adhana imamveka pakati pa nyundo zija. Umaona anyamata akupukuta oyilo m'manja ndi sopo ndi mchenga asanatawaze.

Ine sindine mlendo kwenikweni kumeneku. Kuyambira 1992 mpaka 1995 ndinkaphunzira umakaniki pa Triangle pomwepa, ndipo mnzanga amene tinkakwawira naye pansi pa galimoto imodzi ndi yemwe pambuyo pake anadzakwatira achemwali anga. Choncho alamu angawa ndikuwadziwa kuyambira ndevu zisanadzaze chibwano.

Mau a alamu

Achemwali anandilandira ndi tiyi ndi mandasi, misozi ikulengeza. "Achimwene, ine ndatopa kupakula mbale ziwiri," anatero. "Awa ndi amuna anga, uyo ndi mwana wanga. Ndiimire uti? Masana amagwira ntchito galaja imodzi, koma mau ao ndi akuti patse sipanala basi."

Monga mwa mwambo ndinayamba ndi wamkulu. Alamu chiyambire 1994 sanasinthepo mtundu: ndi a chikasu, a UDF. Mu 2020, pamene a Atupele Muluzi anaima ngati wachiwiri kwa a Peter Mutharika, iwo anatsatira komweko, pamene mwana wao anali ku mgwirizano wa Tonse. Kusiyana kumeneku anakupirira zaka zisanu. Chimene chinaswa mbale ndi chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, pamene a Mutharika anabwerera pampando ndi mavoti pafupifupi 57 mwa 100 aliwonse. Zotsatira zitalengezedwa, ali pa nsima, alamu anaseka n'kufunsa mwana wao kuti, "Nanga utsi wokhetsa misozi uja munaupumira chiyani? Mwazungulira phiri lonse, mwafika pomwe munachokera." Mnyamatayo anayankha kuti, "Bola ife tinayesa. Inu zaka 30 mwakhala mukuvotera kofia ndi dzina la bambo wa munthu." Anasamba m'manja n'kutuluka, ndipo chichokereni tsiku limenelo sanakhalenso pa mkeka umodzi.

"Alamu," anandiuza mau akunjenjemera, "mwana amene ndinkamugwira dzanja kupita naye ku madarasa, lero andiuze ine kuti ndimavotera kofia? Ine ndimaopa. Pa 20 Julayi 2011 anthu 20 anafa pa zionetsero m'dziko muno, ambiri ndi zipolopolo. Mu 2019 masitolo ankathyoledwa, ife tikutseka galaja muli galimoto za eni ake, iye ali kumsewu. Amene amaitanira anthu kumsewu saika maliro a ana ao. Amaika ndi makolo ngati ife."

Sindinawatsutse. Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo mantha a kholo amachokera pa zimene maso ake anaona.

Mau a mnyamata

Mnyamatayo ndinamupeza itatha swala ya Asiri. Tinakhala pa matayala akale kuseri kwa galaja. Iye anamaliza Fomu 4, anaphunzira zamagetsi a galimoto, ndipo ndi amene amapima matenda a galimoto zamakono ndi kompyuta, ntchito imene ife akale sitiidziwa.

"Amalume, ine sindinanyoze Chisilamu," anayamba motero. "Ndinangofuna kunena kuti kofia siyendetsa boma. Msilamu akhoza kuba, Mkhristu akhoza kuba. Tizifunsa zimene munthu wachita, osati mudzi umene wachokera kapena kumene amapemphera."

Kenaka anandifotokozera ulendo wake. Voti yake yoyamba anaponya pa 21 Meyi 2019. Mapepala ambiri a zotsatira anapezeka atafufutidwa ndi Tippex. Kwa miyezi ingapo anthu ankayenda m'misewu motsogozedwa ndi bungwe la HRDC, ndipo mu Lilongwe maulendowo ankayambira pa bwalo la Community n'kudutsa pa Mchesi, pakhomo penipeni pa ana a ku Biwi. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti chija, nanenanso kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka. M'Africa muno ndi Kenya yokha imene inali itachitapo zotere, mu 2017. Pa 23 Juni 2020 anthu anavotanso ndipo a Lazarus Chakwera anapambana ndi mavoti pafupifupi 59 mwa 100, a Saulos Chilima ali wachiwiri wao.

"Tsiku limenelo tinavina pamsewu uwu mpaka usiku," anatero. "Tinalonjezedwa ntchito 1 miliyoni. Tinkaona ngati mawa lake dziko lidzuka lina."

Zimene zinatsatira ndi zomwe tonse tikudziwa. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100, mu Novembala 2023 ndi 44 pa 100. Pa Triangle zimenezi zimamveka msanga, pakuti masipeyala amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Galimoto zinkagona pa mizere ya mafuta. Anzake angapo anakwera basi ya ku Joni monga achitira anyamata ambiri a kwathu ku Mangochi. Pa 10 Juni 2024 a Chilima, amene achinyamata ambiri ankawadalira, anafa pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu.

"Ndiye unagwa ulesi?" ndinamufunsa.

"Ndinagwa ulesi ndi anthu, osati ndi chimene tinkafuna. Bambo akuti tazungulira phiri. Koma mu 2020 boma linachoka ndi voti, mu 2025 linanso lachoka ndi voti. Aliyense wokhala pampando uja tsopano akudziwa kuti khomo lotulukira lilipo. Kodi zimenezo n'zachabe?"

Anandiuzanso kuti iye ndi anzake asiya kuyang'ana kumwamba kokha. Akufuna kumakumana ndi khansala pa nkhani ya ngalande zotsekeka, zinyalala ndi akuba a usiku, komanso kufunsa kumene ndalama za chitukuko cha m'dera, za CDF, zimapita. Bambo ake akuti azisiye zimenezo asadziputire adani. "Amalume, akuluakulu amafuna tizingokhala chete. Koma paja amati tsobola wakale..." Ndinakweza dzanja asanamalize mwambiwo. Komabe m'makutu mwanga munali mukumveka mau a munthu wina, amene ndinamumva akuyankhula chimodzimodzi pamalo omwewa zaka zoposa 30 zapitazo.

Nyali ndi tambala

Bambo a alamu anga, Allah awakhululukire, anali telala. Anachokera kum'mawa kwa nyanja ndipo anafika ku Biwi likulu likumangidwa, n'kukhazika makina ao pakhonde la sitolo ina. Iwo anali mnyamata mu Febuluwale 1965, pamene a Henry Masauko Chipembere, atasemphana ndi a Kamuzu Banda, anatsogolera anthu ao kulanda boma la Fort Johnston, lomwe lero ndi Mangochi, n'kuyamba ulendo wa ku Zomba. Ulendowo unathera pa Liwonde pomwe anapeza pantoni yowolotsera ili tsidya lina la Shire. Pambuyo pake asilikali anayendayenda m'midzi kufunafuna omutsatira, anthu ambiri anamangidwa ndipo nyumba zina zinatenthedwa. Mkuluyu anaziona zimenezi ndi maso, ndipo phunziro limene anatolapo linali limodzi: tseka pakamwa kuti ana akule.

Khadi ya chipani cha Malawi Congress sinkachoka m'thumba la jekete yao. Masiku amenewo popanda khadi sunkalowa mumsika kapena kukwera basi, pakuti anyamata a malaya ofiira a Youth League ankaima pachipata. Dziko linakhala la chipani chimodzi mu 1966, ndipo mu 1971 a Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya. Maina a Mikuyu ndi Dzaleka ankatchulidwa monong'ona.

Tsono pa 8 Malichi 1992 kalata ya mabishopu a Katolika yodzudzula boma inawerengedwa m'matchalitchi. Pa 6 Epulo a Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege mu Lilongwe momwemu. Chaka chomwecho kunabadwa Public Affairs Committee, bungwe limene linakambirana ndi boma za kusintha, ndipo Muslim Association of Malawi inali m'gulu la oyambitsa. Boma linati kupezeka ndi kalata ija ndi mlandu. Nanga mukuganiza kuti ndani amene anaibisa m'bokosi la masipanala, n'kumatiwerengera ife anzake pansi pa lole? Ndi alamu anga omwewa, ali ndi zaka 22, Msilamu woswali kasanu akuyenda ndi kalata ya mabishopu.

Pa riferendamu chizindikiro cha chipani chimodzi chinali tambala wakuda, cha zipani zambiri chinali nyali. Alamu ankayenda mu Biwi akuimika zala ziwiri, pamene anansi ambiri ankaimika chala chimodzi, poti chigawo cha pakati chinali linga la Kongeresi. Bambo ao atamva anagwetsa lumo pansi. "Ukufuna tonse tikafere ku Mikuyu? Ndife obwera kuno. Akayamba kutentha nyumba ayambira yathu." Mwana anayankha mau amene ndikuwakumbukira mpaka lero: "Inu mantha anakudyani kale, musatidyetse nafenso." Kwa mwezi wathunthu sanadyere limodzi, ndipo alamu ankadzagona m'kachipinda kanga.

Pa 14 Juni 1993 anthu 63 mwa 100 anasankha nyali, ngakhale kuti chigawo cha pakati chinatsalira kwa tambala. Mu Disembala chaka chomwecho asilikali analanda zida apayoniya pa ntchito imene inatchedwa Operation Bwezani, ndipo mfuti zinalira mu Lilongwe ife titabisala pansi pa galimoto. Pa 17 Meyi 1994 a Bakili Muluzi anapambana ndi mavoti 47 mwa 100, a Kamuzu 33, a Chihana 19. A Kamuzu anavomera kugonja pa wailesi. Kwa nthawi yoyamba dziko linakhala ndi pulezidenti wachisilamu. Sukulu za pulayimale zinakhala zaulere ndipo ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Kwa ife a kunyanja, amene makolo athu ambiri ankaopa sukulu za mishoni, ichi sichinali chinthu chaching'ono. M'zaka zotsatira Idi ya kumapeto kwa Ramadhani inadzakhala tchuthi cha dziko lonse.

Koma nyali ija nayo inali ndi utsi wake. Mitengo ya zinthu inakwera, makalasi anadzaza aphunzitsi ali ochepa, mu 2002 kunagwa njala yoopsa, ndipo mu Julayi chaka chomwecho bilu yochotsa malire a nthawi ya pulezidenti inalephera ku Nyumba ya Malamulo ndi mavoti atatu okha. Ndikukumbukira alamu akung'ung'udza masiku amenewo. Komabe ukawafunsa ngati akanakonda kubwerera ku makadi, ankakana kwamtuwagalu. Mkulu uja anamwalira asanauze munthu aliyense chimene anasankha pa riferendamu.

Pa mkeka itatha Isha

Usiku umenewo ndinapempha kuti tonse tikhale pa mkeka pakhonde itatha swala ya Isha. Mnyamata anakhala kumapeto, nkhope ili pansi. Sindinayambe ndi mlandu wa nsima uja. Ndinangoyamba kusimba za bokosi la masipanala, zala ziwiri, ndi mwezi umene munthu wina ankagona m'kachipinda kanga. Mnyamatayo anadzutsa mutu. Zaka 26 ali m'nyumba imeneyo, nkhaniyi anali asanaimvepo. Ankadziwa bambo ake ngati munthu woletsa basi.

"Alamu, zija zinali zina," anatero bambo ake. "Ife tinkalimbana ndi ndende."

"Zoona," ndinayankha. "Koma nawonso bambo anu ankati za 1965 ndiye zinali zenizeni, zanu ndi chibwana. Ndipo nyali yanu itayamba kufuka utsi mu 2002, kodi iwo akanakhala ndi moyo n'kukusekani kuti mwazungulira phiri, mukanamva bwanji?"

Kenaka ndinawakumbutsa zimene tinaphunzira ku madarasa za nkhondo ya Uhud, m'chaka chachitatu cha Hijra. Mtumiki Muhammad (SAW) anafunsa maganizo a maswahaba ake. Iye ankaona kuti n'kwabwino kudikira adani mkati mwa Madina, koma ambiri, makamaka achinyamata amene sanapezeke ku Badr, anaumirira zokakumana nawo kunja. Mtumiki (SAW) anatsatira maganizo aowo. Tsikulo linali lowawa. Asilamu pafupifupi 70 anaphedwa, pakati pao Hamza (RA). Munthu akanayembekeza kuti kuchokera pamenepo achinyamata atsekedwa pakamwa. Koma ma aya amene anatsika pambuyo pake, mu Surat Aal Imran, analamula Mtumiki (SAW) kuwakhululukira, kuwapemphera chikhululuko ndi kupitiriza kukambirana nawo. Ndipo chakumapeto kwa moyo wake anapereka utsogoleri wa gulu la nkhondo kwa Usama bin Zaid (RA), mnyamata wa zaka zosapitirira 20, m'gulumo muli akuluakulu. Ngati Mtumiki wa Allah sanaseke achinyamata zinthu zitavuta, ife ndife yani?

Nditatero ndinatembenukira kwa mnyamata. "Iwe, pa mfundo yako sindikukutsutsa. Voti si swala, ndipo palibe chipani chimene chili Chisilamu. Koma Qur'an imaika kuchitira zabwino makolo pafupi penipeni ndi kupembedza Allah yekha, ndipo imaletsa ngakhale kamau kakang'ono kosonyeza kunyansidwa nawo. Ukufuna atsogoleri azimvera anthu mwaulemu, iwe ukulephera kuyankha bambo ako mwaulemu? Ufulu umene unayendera pa Mchesi osamangidwa, anauyambitsa ndi anthu ngati awa, pamene kuimika zala ziwiri kunali kuika moyo pachiswe. Chikasu chimene ukuchinyozacho kwa iwo si kofia. Ndi tsiku limene anasiya kuyenda ndi khadi."

Panakhala chete wautali. Kenaka alamu anadzuka n'kulowa m'nyumba. Achemwali anandiyang'ana mwamantha poganiza kuti zavutanso. Koma anatuluka ndi kachitini ka dzimbiri, ndipo m'menemo anatulutsa khadi ya chipani ya malemu bambo ao, yothothoka m'mbali. Anaipereka kwa mwana wao. "Agogo ako ankayenda ndi ichi kuti ine ndikule. Ine ndinawatcha amantha, ndipo anamwalira ndisanawapepese. Sindikufuna iwe udzasenze katundu amene ndasenza ine."

Mnyamatayo anagwada, anagwira dzanja la bambo ake ndi manja awiri n'kupempha chikhululuko. Bambo nawo anati kuseka kuja kunali kulakwa. Achemwali sanadikire kuti wina awauze. Anakatenthetsa ndiwo za utaka umene ndinabwera nawo, ndipo usiku umenewo anapakula mbale imodzi.

Ndisanamize owerenga kuti anagwirizana pa ndale. Alamu akadali a chikasu ndipo mwana wao akuti sadzavotera munthu chifukwa cha dzina. Chimene anapangana ndi ichi: pa nsima palibe kusekana za chisankho, galaja isatsekedwe popanda kukambirana, ndipo ku msonkhano wa khansala bambo adzapita nawo, ati kukangomvera chabe. Ine amene ndikuwadziwa ndikukayika ngati adzathe kungomvera.

Kwa makolo ndi ana

M'mawa ndinakwera minibasi pa Triangle nyundo zitayamba kale. Potsika Khwekhwerere, nyanja ikuonekera patali, ndinkaganiza za mkulu wa kofia yoyera uja ndi anyamata awiri a kumbuyo. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti theka la anthu a m'dziko muno ndi ana osafika zaka 18. Ambiri mwa ovota a mtsogolo sanaonepo khadi ya chipani, ndipo 1994 kwa iwo ndi nkhani ya m'buku. Kusiyana maganizo m'makomo mwathu sikutha, kuchuluka.

Makolo anzanga, tisabise mbiri yathu. Ana athu amationa ngati tinabadwa ndi imvi chifukwa sitiwauza kuti nafenso tinatenthapo mtima, tinalakwitsapo, tinakhumudwapo. Mau a akulu amakoma akagonera, koma ayambe anenedwa, ndipo anenedwe mofatsa monga m'mene Luqman ankalangizira mwana wake. Mwana amene akufunsa kumene ndalama za ngalande zapita sanasochere. Akuchita zimene chipembedzo chimatiphunzitsa, kulamula zabwino ndi kuletsa zoipa. Ntchito yathu ndi kumuphunzitsa kuchita zimenezo popanda mwala m'manja ndi popanda chipongwe pakamwa.

Inunso achinyamata, musanatche kholo lanu wamantha, yambani mwafunsa chimene anaona. Atsogoleri amene mukukanganiranawo mawa adzagwirana chanza n'kupanga mgwirizano, monga taonera kambirimbiri chiyambire 1994, inu mutatsala ndi chidani m'nyumba. Zipani zimabwera ndi kupita, koma amene adzakusambitseni ndi kukuswalirani janaza ndi abale anu. Chisankho china chikubwera mu 2030, Insha-Allah. Aliyense adzalowe yekha m'kachipinda kovotera ndi kuopa Allah, ndipo madzulo ake tidzasambe m'manja m'beseni limodzi.

Tikupempha Allah kuti ayanjanitse mitima ya makolo ndi ana, apatse dziko lathu atsogoleri achilungamo, ndipo akhululukire makolo athu amene anatsogola. Ameen.